Ngalande Yokwera Mtunda

Lachisanu m'mawa foni inalira a Mulubwa asanamalize kulimbana ndi kompyuta yawo. Kompyutayo inkafuna pasiwedi yatsopano, kachitatu chaka chimenecho, ndipo inkakana iliyonse imene ankaipatsa. Dzina la akazi awo inakana. Dzina la mudzi wa kwawo ku Luapula inakananso. Ati pakhale chilembo chachikulu, pakhale nambala, pakhalenso kachizindikiro kena kamene munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri sadziwa n'komwe kuti kamakhala pati. Injiniya amene wamanga milatho ndi ngalande kwa zaka makumi atatu, lero akuimikidwa pakhomo ngati mlendo ndi bokosi la pa tebulo lake lomwe!

Woimba anali Petros, kapitawo wa anthu amene ankakumba ngalande ku Chelstone.

"Ba Injiniya, malevo yakana futi," anatero Petros. "Tikakumba mwamene pepala ikambila, manzi yafunika kukwela chulu. Ine sininaonepo manzi yokwela chulu."

"Tabuleti ikamba chani?"

"Ikamba ati tili pa laini."

"Ndiye kumbani pa laini! Ninakuuzani pa Chitatu, ninakuuzani mailo. Lelo mufuna nichite kuimba nyimbo?"

"Manje pali mudala wina apa, Ba Ng'andu. Motoka yao ili mukati mwa geti masiku yatatu, siingachoke chifukwa cha mufolo wamene takumba. Bakamba ati bazaitana ba polisi. Bwelani chabe, bosi."

A Mulubwa anadula foni n'kuiponya pa mulu wa mapepala.

Pa ntchito zonse za kampani yawo ya ku Longacres, ngalande imeneyi inali kantchito kochepa, koma inali itawakhala pamtima. Zaka ziwiri zapitazo, mu Januwale, anapita kukaona msewu wina wa ku Chelstone umene anthu ankadandaula kuti umasanduka mtsinje. Anayenda m'madzi ofika m'mawondo mpaka pa nyumba ina, ndipo anapeza mayi ataima pabalaza ndi chidebe m'manja, akutunga madzi m'nyumba n'kumawataya panja pamene panalinso madzi omwewo. Amuna awo, amene anafa ziwalo mbali imodzi, anali atawakweza pa tebulo. Mayiwo anali ochokera ku Luapula ngati iwo, ndipo anthu ankawatcha Bana Chiza potengera dzina la mwana wawo woyamba. A Mulubwa anawalonjeza ngalande tsiku lomwelo, m'Chibemba, kuti lonjezolo lilemere. Mapepala anatenga zaka ziwiri monga achitira mapepala. Tsopano unali Okutobala, mitambo inali itayamba kusonkhana masana alionse, ndipo katapila wokumbira ngalandeyo anali atabwerekedwa masiku asanu okha, Lachitatu mpaka Lamulungu. Lolemba m'mawa ankapita ku ntchito ina ku Kitwe, osabweranso mpaka mvula itatha. Ngalande ikapanda kufika pakhomo pa Bana Chiza m'masiku asanu amenewo, bambo aja akwezedwanso pa tebulo.

N'chifukwa chake malevo okanawo, miyeso ya kutsetsereka kwa ngalande, anawazunguza mutu. Koma wolakwa ankamudziwa kale, sanachite kufufuza.

Anali Tanya Chipego, amene ankayang'anira makompyuta onse a pa kampanipo. Tanya anabadwira ku Woodlands, dera la anthu opeza bwino, ankapemphera la Sabata, ndipo ankalankhula mofatsa ngati namwino amene wagwira kale jakisoni. Ofesi yake inali masitepe khumi ndi awiri kuchokera pa ya a Mulubwa, koma ukafuna thandizo lake, ngakhale mukumane maso ndi maso pa ketulo ya tiyi, yankho linali limodzi: lembani tiketi. Tiketiyo inali fomu ya pa kompyuta yofotokozapo vuto lako, moti kompyuta yako ikafa unkayenera kukadandaula pa kompyuta yakufayo. M'mwezi wa Malichi Tanya anasamutsira mapulani onse a kampani m'dongosolo latsopano, n'kupatsa akapitawo matabuleti osonyeza pamene payenera kukumbidwa. Kuyambira pamenepo maimelo ake sankatha: sinthani ichi, musatsegule icho, Lachiwiri tizimitsa chakuti. A Mulubwa anawapezera mankhwala. Imelo iliyonse ya Tanya ankaiyankha ndi liwu limodzi la Chingerezi, "Noted", osaiwerenga, ndipo ankapeza mtendere.

Anayenda masitepe khumi ndi awiri aja n'kutsegula chitseko osagogoda.

"Ba Tanya, vimakompyuta vanu vaononga malevo yanga."

Tanya anakweza maso pang'onopang'ono. "Mwauka bwanji, Ba Injiniya. Mwalemba tiketi?"

"Tiketi! Katapila ili ku Chelstone ikudya mafuta, mvula ili pamutu, imwe mukamba za tiketi? Nilembe na chani, pamene chintu chanu chakana kunisegulila?"

"Pasiwedi ningakukonzeleni manje manje. Koma manambala yanu sininagwileko. Yamene munanipasa ndiye yali mu tabuleti. Kompyuta siichinja malevo yeka."

"Kudala tenze kukumba na pepala na ntambo, manzi yenze kuyenda bwino bwino. Mwabwela imwe, manzi yayamba kukwela chulu."

"Kapena malevo ndiye yolakwika," anatero Tanya, ndi kufatsa kwake kuja.

Apa ndiye anawaponda pachilonda. Munthu wosagwirapo fosholo, amene nsapato zake sizinalawepo matope a pa ntchito, kuuza injiniya kuti malevo ake ndi olakwika! A Mulubwa anatembenuka n'kutuluka. Chitseko anachimenyetsa, chifukwa mawu oyenera munthu wopemphera anali atawathera.

Pa Great East Road magalimoto anali ataunjikana, maminibasi akulowerera paliponse pamene pakanakwana njinga. Anatha ola lathunthu pamsewupo, ndipo ola lonselo anali kukangana ndi Tanya mumtima. Mikangano yonseyo anapambana ndi iwo.

Atafika ku Chelstone anatsatira kadontho kamene Petros anawatumizira pa foni, chifukwa misewu ya kumeneko imafanana ngati ana a mayi mmodzi: mipanda ya mabuloko, mageti akuda, mitengo ya mapeyala ikusuzumira pamwamba. Msewu wa Bana Chiza anaufikako kamodzi kokha, uli pansi pa madzi. Kuyeza malo anachita munthu wina amene anasiya ntchito kalekale n'kupita ku migodi ya ku Solwezi, ndipo mapulani a Mulubwa anawajambulira pa tebulo ku Longacres.

Ngalande anaipeza, ndipo kunena zoona inali yokongola. Inali yowongoka, yosalala m'mbali, yautali mamita pafupifupi mazana atatu, dothi lofiira litaunjikidwa mwaulemu mbali imodzi. Tsidya lake, pa geti lakuda, panaima bambo wa imvi atavala kabudula ndi patapata, manja ali m'chiuno.

"Ndimwe bene ba mugodi uyu?" anafunsa bamboyo, amene anali a Ng'andu aja. "Nankala muno zaka twenty-two. Manzi siyanangenepo mu yadi yanga olo kamozi. Mvula ikagwa, yayenda yeka kunsi uko. Manje mufolo ni wa chani? Ninamuuza uyu pa Chitatu, ati tabuleti. Ninamuuza futi mailo, ati tabuleti. Tabuleti inankalapo muno mu mvula?"

A Mulubwa anakonza kukhosi kuti apereke yankho limene mainjiniya amasungira anthu otere, lakuti mwini nyumba amaona geti lake lokha. Koma maso awo anali atayamba kale ntchito ina. Msewu wosefukira subisika. Mipanda yake imakhala ndi mzere wa matope, utoto umasupuka m'munsi, ndipo pakhomo lililonse pamakhala kakhoma ka mabuloko kotchinga madzi. Pano mipanda inali yoyera mpaka pansi. Kakhoma panalibe ndi kamodzi komwe. M'mbali mwa geti la a Ng'andu munali timaluwa tosakhwima, timene madzi othamanga akanatikokolola mvula yoyamba. Ndipo msewu wonse unkapendekera mbali ina, osati imene mapulani ankanena.

"Petros, zimya katapila."

"Bosi?"

"Zimya!"

Katapila atazima kunangoti zii, mpaka kumveka wailesi ya m'nyumba ina.

"Uyu si museu wamene uja," anatero a Mulubwa.

"Koma onani, bosi, tili pa laini." Petros anawasonyeza tabuleti, ndipo zoonadi kadontho kabuluu kanali katakhala phee pa mzere wofiira, kopanda ndi manyazi omwe. A Mulubwa analakalaka atangoiponya m'dzenjemo n'kuuza katapila akwirire.

M'malo mwake anaimbira Tanya.

"Tengani takisi, mubwele ku Chelstone na laputopu. Mukanifunsa tiketi nizagwa pansi nife, mulandu uzankala wanu."

"Lelo ni Chisanu, Ba Injiniya. Zuba ikangena nili mu Sabata."

"Ndiye fulumilani!"

Aliyense pa kampanipo ankadziwa kuti Lachisanu dzuwa likalowa Tanya amatseka laputopu ndi foni yomwe mpaka Loweruka madzulo, ofesi ipse kaya isapse. Anafika cha m'ma 3 koloko, atavala nsapato za mu ofesi zimene zinayamba kumira m'dothi atangotsika. Pa zaka zinayi zimene anagwira pa kampanipo, aka kanali koyamba kuponda pamalo pokumbidwa. Anayang'ana tabuleti, anayang'ana dzenje, kenako anapempha pepala la woyeza malo uja. A Mulubwa analitulutsa pansi pa mpando wa galimoto, lopindikapindika, lili ndi chizindikiro cha kapu ya tiyi pakati. Tanya anawerenga timalemba ta pakona.

"Ba Injiniya, aya manambala yali mu Arc 1950?"

"Nanga yangankale mu chani? Mapu yonse ya boma yakudala yali mwamene umo. Aliyense aziba."

"Aliyense wamene ni injiniya. Ine sindine injiniya."

Nkhani yake ndi iyi. Dziko ndi limodzi, koma njira zowerengera malo ake ndi zingapo. Mapu akale a boma amawerengera mwa njira yawo, imene Tanya anaitchula ija, pamene matabuleti ndi mafoni amawerengera mwa njira ina. Manambala omwewo ukawawerenga m'njira yosayenera, amakuimika mamita pafupifupi mazana atatu kuchokera pamene umafuna. Kwina mzere ukanagwera padenga la munthu, aliyense n'kuona kuti palakwika. Koma kuno, kumene misewu inandandalikidwa mofanana, mzerewo unangodumpha misewu itatu n'kukagona bwinobwino m'mbali mwa msewu wa a Ng'andu ngati ndi kwawo.

Tanya anagwira kabokosi kamodzi pa tabuletiyo n'kusankha njira yakale ija. Mzere wofiira unadumpha onse akuona, n'kukatera misewu itatu kumunsi.

"Manje munalekela chani kunifunsa?" anakuwa a Mulubwa.

"Ninafunsa."

"Liti?"

Tanya anafufuza pa foni yake n'kuwapatsa. Magalasi anali atatsala m'galimoto, choncho anaigwirira patali. Inali imelo ya pa 14 Malichi, yolembedwa mwaulemu. Inkanena kuti dongosolo latsopano likufuna kuuzidwa njira yowerengera malo, ndiye manambala a ku Chelstone ali m'njira yakale kapena yatsopano? Ndipo inamaliza ndi kunena kuti akapanda kumva zina, asiya m'mene dongosololo linabwerera. Pansi pake, patangopita mphindi zinayi, panali yankho lochokera kwa iwo, la liwu limodzi.

Petros anasuzumira pa phewa lawo n'kuliwerengera aliyense mokweza, mwapang'onopang'ono, ngati mwana wa giredi wanu. A Ng'andu anaseka mpaka kugwira geti.

Manyazi akamugwira munthu wamkulu pagulu amatulukira ku ukali.

"Manje 'Noted' ni yanko?" anatero a Mulubwa. "Mwafunsa ichi olo icho, ine nakamba 'Noted', imwe mwachosa tiketi? Masitepu twelve, Ba Tanya! Twelve! Simungabwele kugogoda?"

"Ninagogoda kabili mwezi uja pa nkani zina. Munakamba ati, 'Tumani imelo, nili bize.'"

Zinali zoona, ndipo n'zimene zinapweteka kwambiri. Koma naye Tanya sankaoneka ngati munthu wopambana mlandu. Maso ake anali pa dzenje lija, kuyambira pamene anaima mpaka kumene linathera, uko kutali kumene anthu ankawoloka pa thabwa atanyamula zidebe.

"Ninaona kuti yanko siinakwane," ananena motsitsa mawu. "Koma tiketi yenze yankala masiku seveni, ninafuna chabe ichoke pa mundandanda. Sinenze kuziba kuti kabokosi kaja ni mugodi waso."

Anatsika wapansi misewu itatu ija, a Mulubwa patsogolo, Petros pambuyo ndi tabuleti, Tanya akutsimphina ndi nsapato zake. Pa msewu wachitatu sanafunikenso tabuleti. Mzere wa matope unali pa mpanda uliwonse, wofika m'mawondo. Pakona Petros anakankha zinyalala ndi phazi n'kupeza chikhomo chachitsulo cha woyeza malo uja, utoto wake wofiira utayamba kufufuma.

Bana Chiza anali kusesa pakhomo. Atawaona anataya tsache.

"Mwaiseni mukwai, Ba Injiniya! Nenze kumvela katapila masiku yatatu kumwamba uko. Ba neba bayamba kukamba ati mufolo watu baupasa bena, ine nati awe, Ba Injiniya baziba vamene bachita, bayambila chabe kumwamba. Bwelani muone!"

Anawakokera pakhomo la nyumba. Kakhoma ka mabuloko kamene a Mulubwa anakadumpha tsiku lija kunalibe. M'malo mwake panali kotsetsereka ka simenti yatsopano, kosalala, kokhala ndi mapazi a nkhuku m'mbali.

"Pamene munatuma foni mwezi wasila ati chaka chino mvula izapeza mufolo, ninagwesa," anatero Bana Chiza. "Zaka folo Bashi Chiza benze chabe mu nyumba, wilicheya siingajumpe mabuloko. Manje onani."

Pansi pa mtengo wa peyala panali amuna awo pa chikuku chawo cha matayala, atavala chipewa, nkhope ili kumsewu. Anakweza dzanja lamoyo lija n'kupereka moni.

A Mulubwa anabweza moniwo. Akanatha kunena kuti kuyambira kumtunda ndi mmene ntchito imayendera, ndipo mayiwo akanakhulupirira. Koma Tanya anali pomwepo, ndipo bodza linawakanika.

"Tinakumba museu wolakwika, mayo," anatero. "Mailo kuseni tiyamba pano."

Bana Chiza anawayang'ana, anayang'ana kotsetsereka kawo, n'kutola tsache.

Dzuwa linali litatsala ndi maola awiri osakwana. Tanya anakhala pakhonde la Bana Chiza, laputopu pamiyendo, n'kukana kutumiza chilichonse ku tabuleti mpaka a Mulubwa akaime pa chikhomo chimene akuchidziwa. Ati iye sakhulupiriranso kabokosi kalikonse. A Mulubwa anang'ung'udza kuti nthawi ikutha, koma anapita, chifukwa akanakhala iwo akananena zomwezo. Anaima pa chikhomo chapakona chija atanyamula tabuleti, n'kukuwa nambala. Inasiyana ndi ya pa pepala ndi chikhatho chimodzi chokha. Anafuna chikhomo chachiwiri, anachipeza pansi pa mulu wa mchenga wa munthu, nacho chinavomera. Chachitatu anachikumba ndi manja.

Musaganize kuti anagwirizana. A Mulubwa akati mzere usunthe kumanzere upewe mzati wa magetsi, Tanya ankafunsa kuti kumanzere kwa ndani. Tanya akati dinani pamwamba, iwo ankadina pakati n'kuzimitsa zonse. Iye anafuna kudziwa chifukwa chake manambala akuyambira kumunsi kwa msewu pamene nyumba ya Bana Chiza ili kumtunda kwake, ndipo a Mulubwa anayankha mokalipa kuti ngalande imayambira kumene madzi akatulukire, apo ayi wakumba dziwe pakhomo pa anthu. Tanya analemba zimenezo m'kabuku. A Mulubwa anaona, n'kuchita ngati sanaone.

Dzuwa litakhudza madenga, Tanya anatumiza mzere watsopano ku tabuleti n'kutseka laputopu.

"Pali kafunso kamozi chabe," anatero a Mulubwa.

"Pa Sondo, Ba Injiniya."

"Kamozi!"

"Pa Sondo kuseni nizabwela."

A Mulubwa anayang'ana dzuwalo mokwiya ngati nalonso limagwira ntchito ku ofesi ya makompyuta.

Loweruka katapila analira 6 koloko isanakwane. Anayambira kumunsi, ndipo mpaka masana dothi linkachoka ngati ufa, moti a Mulubwa anayamba kuwerengera mumtima kuti mwina zitheka. Kenako mano a katapila anakukuta mwala. Kuyambira pamenepo mita iliyonse inali nkhondo. Kumtunda kuja anthu asanu ndi mmodzi ankakwirira ngalande yokongola ija ndi mafosholo, a Ng'andu atakhala pa mpando pa geti kuwalangiza, chifukwa tsopano anali atasanduka injiniya wamkulu wa msewu wawo.

Lamulungu m'mawa Tanya anabweradi, atavala majombo a ku msika wa ku Kamwala aakulu kuposa mapazi ake. Tsiku lonse anayenda patsogolo pa katapila ndi tabuleti, akuyerekeza mzere ndi zikhomo zakale, ndipo kawiri konse anakangana ndi a Mulubwa pa nkhani ya paipi ya madzi imene sinali pa mapu alionse. Fumbi linamuyeretsa nsidze. Sanatchule tiketi ngakhale kamodzi.

Koma masiku atatu otayika sabwezedwa ndi masiku awiri. Dzuwa la Lamulungu likulowa, ngalande inali itaima nyumba zisanu isanafike pa geti la Bana Chiza. A Mulubwa anaimbira mwini katapila, anachonderera, anakalipa, anachondereranso, koma munthuyo anati ku Kitwe anthu akudikira ndipo naye ali ndi lonjezo lake. Petros anayesa piki pa mwalawo, inangotulutsa moto.

Lolemba m'mawa chilole chinabwera n'kunyamula katapila. Kumwamba kunali kutada mbali ya kum'mawa, ndipo mphepo inkanunkhira dothi lonyowa la kwina kumene inali itagwa kale. Bana Chiza anatuluka n'kubwera kumene ngalande inathera. Anayang'ana m'dzenjemo, anatembenuka n'kuwerenga mageti ndi maso mpaka pa lawo.

"Ba Injiniya, niuzeni zoona," anatero. "Nimange futi?"

A Mulubwa anayang'ana Tanya, koma Tanya anali kuyang'ana majombo ake. Malevo a msewu umenewo tsopano a Mulubwa ankawadziwa onse pamtima, ndipo ankadziwa pamene madzi adzaime.

"Mangani, mayo. Malaini yatatu."

Mayiwo anangogwedeza mutu. Bwenzi zili bwino akanalalata, akanawatukwana pamaso pa msewu wonse, koma anangotembenuka n'kupita kukauza amuna awo.

Mabuloko ndi simenti anabwera nazo okha a Mulubwa masana omwewo, kumbuyo kwa galimoto yawo, ndipo anavula jekete n'kupinda malaya. Tanya sanabwerere ku ofesi. Anatunga madzi, anagwira chingwe, ndipo atanena kuti chapendekera a Mulubwa anayesa n'kupeza kuti chapendekeradi. Simenti itapondedwa, a Mulubwa anatenga buloko loyamba.

"Lindilani pang'ono," anatero Bana Chiza. "Bakali panja."

Bashi Chiza anali pansi pa peyala paja, chipewa chili pamutu, akuonera ana ochokera kusukulu akudumpha milu ya dothi. Palibe amene anafuna kukawatenga. Anaima choncho onse atatu, simenti ikuuma pa lata, mpaka kunagunda kumwamba ndipo madontho oyamba anamenya masamba. Bana Chiza anapita n'kugwira chikuku. Anachikankha pa kotsetsereka kaja, chinakwera mosavuta, bambowo akucheukabe kumsewu mpaka analowa.

A Mulubwa anagwada, n'kuyala buloko pamene panadutsa matayala.